Kompyuta Yogulidwa Ngati Malata

Wilfred Ngozo anatsika basi ya ku Joni pa Mlangeni mu Meyi 2024, ali ndi chikwama chimodzi ndi bokosi lachitsulo lobiriwira. Anachoka kwawo mu 2009. Pakatipo anabwerako kawiri kokha, mu 2013 ndi mu 2017, maulendo onse awiri pa Khirisimasi, ndipo onse awiri anabwerera chimanga chisanamasule ngayaye. Ulendo uno ankati wabwereratu, ndipo msana wake unkavomereza. Zaka zisanu zoyamba anatchetcha kapinga m'mayadi a anthu. Zaka khumi zotsatira anakunkhuniza ndi kusanja matayala a mathiraki m'chinyumba chosungiramo katundu. Tsopano akakhala pansi, pofuna kudzuka ankayamba wayang'ana poti agwire.

Anyamata a kabaza pa siteji sanamuzindikire. Mmodzi anayesa kunyamula bokosilo, n'kulibwezera pansi.

"Mwaikamo miyala, madala? Kapena matchona masiku ano mukubwera ndi golide?"

Wilfred sanaseke. Anangoti alimange bwino pa njinga ndipo asathamange m'mabampu.

Bokosilo linali la bambo ake, malemu a Silvester, amene anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku bungwe la Theba mu 1978. A Silvester anamanga nyumba yawo mmene amuna a mbali imeneyo ankamangira. Ulendo woyamba anabwera ndi maloko ndi mahinjesi. Wachiwiri anagula malata n'kuwalowetsa pansi pa bedi, mafelemu a mawindo n'kudzabwera pambuyo pake. Malatawo anagona pansi pa bedi mpaka 1985, ndipo tsiku limene anakhomedwa anakwana padenga bwinobwino ngati agulidwa dzulo lake. Wilfred anakula akuyala mphasa yake pambali pa malata amenewo. Anatolapo zinthu ziwiri: kuti chinthu chachikulu munthu amagula pang'onopang'ono, ndiponso kuti zimene zili m'bokosi sazitchula, sazionetsa, sazigulitsa, mpaka mwini wake atazifikitsa pakhomo.

Zimene zinali m'bokosimo tsopano zinali za Thandi, mwana wake mmodzi yekhayo.

Mu Ogasiti 2019, Thandi ali Fomu 3, anapita kutchuthi kwa azakhali ake ku Lilongwe. Kunyumba yoyandikana nayo kunali mnyamata wa ku koleji amene anali ndi kompyuta ya masewera. Thandi anatumiza mawu pa foni, akupumira m'mwamba ngati wathamanga.

"Adadi, simungamvetse! Ili ndi galasi m'mbali, mkati mumayaka. Munthu umayendetsa chithiraki mumsewu ngati zenizeni. Ndiye akuti sugula yathunthu ayi, umagula chimodzichimodzi n'kumanga wekha."

Zambirizo Wilfred sanazimvetse ndithu, koma mawu omalizawo anawamva. Kugula chimodzichimodzi ankakudziwa. Anayankha kuti, "Tiona, Nangozo," ndipo mwezi wotsatira analowa m'sitolo ina ya makompyuta pafupi ndi siteji ya matakisi.

Anayamba ndi bolodi, chifukwa wogulitsa anati ndiwo maziko: chimbale chakuda cha tinjira tambirimbiri, pamene zina zonse zimalumikizidwa. Mu 2020 kunagwa mliri, ntchito inaima miyezi ingapo, ndipo chakumapeto kwa chaka anangokwanitsa ramu, tizidutswa tiwiri tonga zipeso. Mu 2021 kadi ya zithunzi inasowa m'masitolo, ikapezeka mtengo wake unali wongoseketsa, choncho chaka chimenecho anagula kesi, nyumba yake ya kompyuta, pamodzi ndi kabokosi kogawa magetsi. Kadiyo anadzaipeza mu 2022, diski yosungira zinthu n'kutsatira. Chomaliza chinali purosesa, kanthu kochepa ngati bisiketi kamene ankati ndi ubongo wa zonsezo. Anakagula mu Novembala 2023, ndipo kanadya malipiro ochuluka kuposa china chilichonse.

Ulendo uliwonse ankanena mawu omwewo: "Ndipatseni chabwino cha chaka chino." Ogulitsa ankasinthasintha. Wa tsiku la purosesa anafunsa kuti ikakhala pa bolodi iti. Wilfred anamuyang'ana mnyamatayo m'maso n'kumuuza kuti za m'bokosi mwake sizikumukhudza.

Thandi tsopano anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ankagulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto m'sitolo ina pa boma, ndipo ankachita lendi chipinda cha magetsi komweko. Anabwera kudzalonjera bambo ake Lamulungu lotsatira. Anagwada pakhomo, manja pamodzi.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino, Nangozo. Kaya iwe?"

"Tilipo."

Zinathera pomwepo. Anakakhala ndi amayi ake kukhitchini, ndipo dzuwa lisanapendeke anali atapita kukadikira minibasi. Pakhomo panali abale odzaona mlendo, choncho bokosi silinatsegulidwe. Wilfred anazindikira kuti "adadi" uja anatha, kaya chaka chiti.

"Musadabwe, aNgozo," anatero mkazi wake Rute madzulo ake, akupinda mphasa. "Mwanayu wakula ndi mawu a pa foni. Munthu wake sanamuzolowere."

Wilfred anayang'ana bokosilo. Ankadziwa kuti zokamba ndi mwana wakeyo alibe. Chimene anali nacho ndi bokosi basi.

Loweruka lina mu Juni, mphepo yozizira ikuwomba kuchokera kumapiri, analikweza mu minibasi ya ku boma. Kondakitala anafuna kulimangirira kumbuyo pamodzi ndi matumba a kabichi, koma Wilfred anakana, n'kulifungatira pamiyendo njira yonse. Potsika miyendo inali itachita dzanzi.

Chipinda cha Thandi chinali pamdadada wa zipinda za lendi kuseri kwa msika. Munali bedi, mbaula, ndowa ziwiri ndi kativi kakang'ono pampando.

"Bokosi la agogo ili? Mukusamuka, bambo?"

"Tsegula."

Thandi anagwada n'kukweza chivundikiro. Munatuluka fungo la matayala ndi mankhwala a njenjete. Anachotsa bulangete la pamwamba, n'kuima manja ali m'malere.

"Izi n'chiyani?"

"Unanena mu Ogasiti 2019."

Thandi anakhala pansi pasimenti, osasamala za kuzizira. Anatulutsa katoni ya kadi ya zithunzi, n'kuitembenuza, n'kuitembenuzanso. Kenako anaseka, kuseka kwakufupi kotulukira m'mphuno.

"Ine ndinkayesa munaiwala. 'Tiona' uja ndinamuika pamodzi ndi 'tiona' wa njinga."

"Njinga ndi nkhani ina."

"Eya, ndi nkhani inadi."

Komabe manja ake ankafulumira. Chinthu chilichonse ankachidziwa dzina asanawerenge pa katoni. Anati zaka zonsezi, bandulo ikatsalako, ankaonera pa foni anthu akumanga makompyuta otere, mmene ena amaonera mpira wa matimu akunja. Anayala chitenje choyera pabedi n'kusanja zonse. Wilfred anakhala pandowa yovundikira, msana atatsamiritsa kukhoma, akumvetsera mwana wake akulankhula mawu ambiri kuposa onse amene anamuuza chibwerere.

Pomaliza Thandi anatsegula kakatoni ka purosesa. Anakagwira m'mbali ndi zala ziwiri, n'kukatembenuza. Pansi pake panali posalala, timadontho tagolide tokhatokha. Anayang'ana pa bolodi, pamalo a makona anayi odzaza timabowo tosawerengeka. Anayang'ananso m'dzanja lake.

"Bwanji?" anafunsa Wilfred.

"Sizikugwirizana."

"Chiyani?"

"Bwerani muone. Bolodi iyi imafuna purosesa yokhala ndi timisomali pansi, tolowa m'timabowo itu. Iyi ilibe. Ndi ya mtundu watsopano, inayamba kutuluka mu 2022. Ili ndi bolodi yakeyake, ndi ramu yakeyake."

"Tayesa kukanikiza pang'ono."

"Bambo, tayala la thiraki mungalikanikize pa rimu ya minibasi?"

Wilfred anamva. Anayang'ana timabowoto nthawi yaitali.

"Anati ndi yabwino kuposa zonse."

"Ndi yabwinodi. Koma si ya pano."

Sanafune kukhulupirira za pa foni zokha, choncho Thandi anamutengera kwa Hilary, wokonza mafoni ndi malaputopu m'kachipinda ka pafupi ndi depoti. Hilary anali munthu wa zaka za m'ma makumi atatu, wonenepa, wokhala ndi magalasi okulitsa zinthu pamphumi. Ataona kakatoni kaja anaomba m'manja.

"Eee, madala! Iyi ku Ntcheu kuno ndangoiona pa chithunzi. Ndiigwire, kapena ndikasambe kaye?"

"Tauzani bambowa zoona, a Hilary," anatero Thandi.

Hilary anatsitsa magalasi, n'kuyang'ana bolodi, n'kuyang'ana purosesa, n'kupukusa mutu momva chisoni chenicheni.

"Achemwaliwa sananame. Mukafuna kusunga purosesayi, bolodi ndi ramu muzichotse, mugule zatsopano. Ku Lilongwe mwina mungazipeze mutaitanitsa, koma mtengo wake mukaumva mukhala pansi. Apo ayi, sungani bolodi ndi ramu, musinthe purosesa. Ine ndili nayo ya 2019, ya timisomali, yochokera m'kompyuta imene bolodi yake inapsa ndi mphenzi. Ikugwira ntchito. Tisinthane. Ndiwonjezerapo fani yake, kiyibodi ndi mausi, mapulogalamu ndikuikirani."

"Ndiye ine ndikupatseni chatsopano, inu mundipatse chotha?"

"Si chotha, madala. N'chakale chabe. Ngati inu ndi ine."

"Masewera amene ndikufuna ine ayenda bwinobwino pa imeneyo," anatero Thandi.

Wilfred anatseka kakatoni n'kukaika m'thumba la jekete. Nkhani za matchona ankazidziwa: amuna obwera ndi njinga zamoto, mwezi usanathe n'kupezeka asinthanitsa ndi mbuzi, anthu akuwaseka kumbali. Ndiponso a Silvester sanagulitsepo lata ngakhale limodzi, ngakhale chaka chimene mvula inadula msanga. Anathokoza Hilary mwaulemu n'kutuluka.

Panja mphepo inkaulutsa mapepala ndi fumbi. Anayenda pang'ono, Thandi atanyamula katoni ya bolodi pachifuwa.

"Sindinanyamule matayala kuti mwana wanga agwiritse ntchito zotsala za anthu," anatero Wilfred. "Bolodi yatsopanoyo ndi ramu yake ndikagula."

"Kuti?"

"Kumene ndinagula zinazi."

Ndalama zimene anabwera nazo m'thumba zinali kale ndi ntchito yake: feteleza, simenti ya pansi m'nyumba, denga la khitchini. Kuno analibe poti n'kupeza zina. Koma bwana wake wakale anamuuza potsanzikana kuti akadzafuna adzabwere, ndipo Redson, mnyamata wa ku Champiti amene ankayendetsa anthu ndi katundu pakati pa Ntcheu ndi Joni, ankanyamuka kumapeto kwa mwezi uliwonse.

"Miyezi itatu," anatero. "Ikachuluka inayi."

Thandi anaima.

"Mu 2009 amayi munawauza miyezi ingati?"

"Unali mwana. Sungakumbuke."

"Amayi sanali mwana."

Atafika kuchipinda Thandi anabwezera zonse m'bokosi, chimodzichimodzi, n'kufunditsa bulangete lija. Nkhope yake inabwerera mmene inalili Lamulungu lija pakhomo. Wilfred anatulutsa kakatoni m'jekete n'kukaika pamwamba. Anayesa kukweza bokosilo, msana unakana.

"Lisiyeni," anatero Thandi. "Mudzalitenga mukamanyamuka. Yendani bwino, bambo."

Kunyumba anapeza Rute ali pakhonde, akusankha mbatatesi za mbewu. Zowola ankaponya m'dengu lina osayang'ana n'komwe. Wilfred anafotokoza zonse mwadongosolo, chaka ndi chaka, ngati akupereka umboni. Rute anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndinadziwa," anatero. "Nsapato zanu zantchito simunazitulutse m'chikwama."

"Ndi miyezi yochepa chabe, mayi a Thandi."

"Eya."

"Ndinalonjeza mwana."

"Inu mukufuna kupita?"

Wilfred anayang'ana kumunda, kumene mapesi ouma ankagwedezeka. Anaganiza za masiku a m'basi, miyendo yotupa, mizere ya pachipata cha dziko lililonse. Anaganiza za kachipinda kake ka malata kuseri kwa nyumba ya eni, ndi matayala osanjikizana mpaka kudenga, amene pofika chaka chathachi ankawaopa ngati ng'ombe yolusa.

"Kufuna ndi nkhani ina," anatero.

"Kwa inu zonse ndi nkhani ina." Rute anaponya mbatatesi ina m'dengu. "Ine ndatopa, aNgozo. Sindikuletsani, sindikuperekezaninso kusiteji. Maondo anga nawonso akula."

Tsiku lotsatira Wilfred anaimbira Redson kuti amusungire mpando. Sabata imeneyo anaithera kukonza khola la nkhuku limene silinkafunika kukonza. Sanadziwe njira ina. Chiyambire, pakhomo pakasowa kanthu, iye ankapita ku Joni. Ndi mmene anakhalira bambo, ndi mmene anakhalira mwamuna wa munthu, ndipo ankaopa kuti akasiya zimenezo palibe chimene chitsale choti Thandi amudziwire.

Loweruka lomaliza la mweziwo anakweranso minibasi kukatenga bokosi. Anapeza chitseko cha Thandi chili chotsegula. Zonse zinali zitasanjidwanso pachitenje, kesi itagonekedwa pansi pamphasa, chitseko chake chagalasi chitachotsedwa. Pambali pa bolodi panali kanthu kokulungidwa m'pepala, ndi fani yafumbi pang'ono m'mapiko.

"Khalani pansi, bambo. Ndikufunseni. Kompyutayi ndi ya ndani?"

"Ndi yako."

"Ndiye wosankha ndine."

Anafunyulula pepalalo. Munali purosesa ya Hilary, timisomali take tili ndondondo ngati tsitsi lometa kumene.

"Ndabwereka, sindinasinthe. Yanu ili apo, sindinaikhudze. Koma tamverani. Mukapita kukagula bolodi, miyezi inayi yanu ija ikhala chaka, inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Pobwera mudzapeza kuti kadi ya zithunzi yatsalira. Mudzapitanso. Pobwera, kabokosi ka magetsi kadzakhala kakuchepa mphamvu. Mudzapitanso. Zinthu izi sizidikira munthu ngati malata a agogo. Ine ndidzayamba kusewera ndili ndi zidzukulu."

"Koma ndi yakale, Nangozo."

"Ndi ya chaka chimene ndinapempha. Ndinapempha ya 2019, mwandibweretsera ya 2019. Vuto lili pati?"

Thandi sanadikire yankho. Anakweza kachitsulo ka pa bolodi, n'kuyang'anitsitsa kachizindikiro ka pakona, n'kutsitsa purosesayo pang'onopang'ono. Inalowa yokha, osakanikiza. Anatsitsa kachitsulo kaja, kanalira kuti tha.

"Mwaona? Tsopano bwerani kuno. Manja anga awiri sakwanira."

Kugwada kunamutengera Wilfred nthawi. Anagwira bedi, n'kutsitsa bondo limodzi, kenako linalo. Thandi anadontheza kamafuta kotuwa pamwamba pa purosesa, n'kukhazikapo fani, n'kumupatsa sikuludiraiva.

"Musamange sikuluwu imodzi mpaka kumapeto. Pang'ono iyi, kenako ya kutsidya, kenako iyi."

"Ngati manati a tayala."

"Eya, ngati manati a tayala. Koma musaike mphamvu zanu za ku Joni, muswa bolodi yanga."

"Yako liti? Ndagula ndine."

"Munapereka. Mangani."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa linalowa pawindo la kumadzulo. Ramu yoyamba inakana kulowa, Thandi n'kuzindikira kuti waitembenuza, ndipo anadzitukwana chapansipansi, kenako n'kupepesa. Sikuluwu imodzi inagwera pansi pa bedi, Wilfred n'kuipeza ndi tochi ya foni pakati pa nsapato. Mawaya ochokera m'kabokosi ka magetsi anali ochuluka ngati mizu ya kachere, ndipo ang'onoang'ono a batani loyatsira anawavutitsa kwambiri, Thandi akuwerenga timalemba ta pa bolodi, Wilfred atagwira tochi, akudzudzulidwa kuti akuwalitsa pamene sipakufunika. Sanakumbuke kuti ndi liti pamene munthu anamudzudzula chonchi iye n'kumva bwino. Kadi ya zithunzi inalowa pomaliza, yaikulu ngati njerwa. Diski inali itapita kale kwa Hilary mkati mwa sabata, ndipo inabwera ndi zonse zofunika.

"Ndiye unakonzekera," anatero Wilfred.

"Ndinakonzekera."

Ataimika kesi, Thandi anayang'ana uku ndi uku m'chipindamo.

"Pansi singakhale, imeza fumbi. Tebulo ndilibe."

Anakokera bokosi lachitsulo lija pakhoma, lopanda kanthu tsopano, lopepuka. Analitseka, n'kuyalapo chitenje, n'kukhazikapo kompyuta. Kativi anakaika pambali pake n'kulumikiza waya. Wilfred anaona zonsezo.

"Dinani ndinu."

Wilfred anadina batani loyatsira. Kwa kanthawi panalibe chochitika. Kenako mafani anayamba kuzungulira, kuwala kofiira kunayaka kuseri kwa galasi, pa tivi panabwera malemba. Thandi anakuwa, n'kudzigwira pakamwa chifukwa cha oyandikana nawo. Mayi wa chipinda chinacho anasuzumira pakhomo, mwana ali kumbuyo, n'kufunsa ngati kwagwa zovuta.

"Ayi, aNaphiri, ndi bambo angawa. Amanga kompyuta."

Masewerawo atatseguka, pa tivi panaoneka mkati mwa thiraki: chiwongolero, magalasi a m'mbali, ndi msewu wakuda wautali pakati pa minda ya dziko lina. Thandi anakhala pamphasa, kiyibodi pamiyendo. Ananyamuka mogwedeza, n'kukwera pamwala wa m'mbali mwa msewu.

"Matayala amenewo satha mwezi," anatero Wilfred.

"Ndikuphunzira, inu!"

Wilfred anakhala pandowa ija, akuonera. Thiraki inadutsa mlatho, inadutsa malo omwetsera mafuta, mvula inayamba kugwa pagalasi. Msewu unkangopitirira.

"Ukupita kuti msewu umenewu?"

"Kulikonse. Sutha."

"Nanga ukatopa?"

"Umangoimika pambali n'kuzimitsa. Mawa umaupeza pomwe unausiya."

Wilfred anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kakatoni ka purosesa yatsopano kanali pabedi pamene Thandi anakasiya. Anakatenga, n'kukayeza m'dzanja. Kanali kopepuka kwambiri poyerekeza ndi matayala amene kanadya.

"Hilary uja amatseka nthawi yanji?"

"Sanatseke. Ndikapereka ndine mukafuna."

"Ayi. Chatuluka m'bokosi langa, ndikapereka ndekha. Ndipo kiyibodi imeneyi batani limodzi likugwedera, akasinthe. Asaone ngati matchona tonse ndife ogona."

Anagwira khoma n'kudzuka. Ali pakhomo foni inalira m'thumba. Anali Redson, mawu ake akupikisana ndi phokoso la injini.

"Madala, Lolemba m'mawa pa Mlangeni. Mpando wa pawindo ndakusungirani. Katundu muli naye wochuluka bwanji?"

Thiraki ya pa tivi inali itaima pakati pa msewu. Thandi sanatembenuke, koma zala zake zinali zitachoka pa kiyibodi. Wilfred anayang'ana bokosi la a Silvester, lobiriwira, lophwanyika pakona imodzi, chitenje pamwamba, kompyuta ikupuma phee pamwamba pa chitenjecho.

"Mpandowo mupatse wina, Redson."

"Bwanji madala? Mwadwala?"

"Ndilibe bokosi. Alisandutsa tebulo."

Anadula foni n'kuibweza m'thumba. Kunja mphepo inali isanaleke, ndipo anakweza kolala ya jekete. Kumbuyo kwake injini ya thiraki inaliranso.

"Loweruka mubwere ndi amayi," anatero Thandi, maso ali pa tivi. "Koma mudzayendetsa ndinu. Tione ngati pakamwa ndi manja n'zofanana."

"Tiona," anatero Wilfred, n'kudzigwira yekha. "Ayi. Tibwera."

Anatsika kakhonde mosamala, dzanja limodzi pamsana, n'kulunjika kudepoti.